Ndaika ma roller rocker, injini yayamba kutsokomola: nati imangidwe kufika pati?

Owerenga athu ena a ku Luchenza, m'boma la Thyolo, alemba motere: "Ndili ndi pikapu yakale ya Chevrolet imene ndinagula kwa munthu wina amene anachokera nayo ku Joni, ndipo ili ndi injini ya V8 ya 350. Ndinaiphwasula n'kuikamo camshaft yokulirapo, ma lifter atsopano a hydraulic, ndi ma roller rocker a 1.6 m'malo mwa akale aja. Nditailiza, pamwamba pa injini pankamveka kaphokoso kogogoda, choncho ndinawonjezera kumanga manati mpaka kanachepa. Tsopano injini ikunjenjemera ikamalira galimoto itaima, nthawi zina ikutsokomolera ku kabureta, ndipo pokwera mitunda ya ku Thyolo ikufooka ngati yasenza katundu wolemera. Mnzanga wina akuti nati imafuna theka la kuzungulira, wina akuti kuzungulira kwathunthu. Kodi ndawononga injini?"

Achimwene, zikomo chifukwa cha kalata yofotokoza bwino, ndipo mtima ukhale m'malo. Kunjenjemera, kutsokomolera ku kabureta ndi kufooka pamtunda ndi zimene injini imachita mavalavu ena akamalephera kutsekeka chifukwa manati a ma rocker (timikono tokankha mavalavu kuti atseguke, timene pa roller rocker tili ndi gudumu kunsonga) amangidwa mopitirira, ndipo ngati simunayende nayo maulendo ataliatali n'kutheka kuti palibe chimene chawonongeka. Chimene ndikupempheni lero lomwe n'chakuti muiimike mpaka mutakonza. Valavu ya ekizozi imataya kutentha kwake kochuluka pa nthawi imene yakhala pa seat yake, mphete ya m'hedi imene imatsekerapo, ndiye ikatsala yotseguka, ngakhale ndi kampata kochepa ngati tsitsi, moto umadutsa pamenepo n'kumaidya m'mphepete, ndipo mtunda uliwonse umene mukwere ukufulumizitsa ntchito yowononga imeneyi.

Anzanu awiri aja sakunama, pakuti theka ndi kuzungulira kwathunthu zonse zimapezeka m'mabuku a injini zosiyanasiyana. Koma onse aiwala kukuuzani poyambira kuwerenga. Theka la kuzungulira lilibe tanthauzo ngati simukudziwa kuti mwaliyambira pati, ndipo pa zaka zimene ndagwira ntchito ya umakaniko kuno ku Mulanje ndaona kuti injini zambiri zobwera ndi matenda ngati anuwa zinalakwika pa poyambira pomwepa. Kumanga nati pothamangitsa phokoso, monga munachitira inu, kulibe muyeso uliwonse, chifukwa khutu silikuuzani kuti mkati mwa lifter mwatsala malo aakulu bwanji.

Tiyambe ndi lifter yeniyeniyo. Kunja imaoneka ngati kachitsulo kamodzi, koma mkati mwake muli kapisitoni kakang'ono kotchedwa plunger, kamene kamakhala pa kasipuling'i kofewa ndi pa oilo wochokera ku pampu, ndipo pamwamba kamatchingidwa ndi kawaya kozungulira kuti kasatuluke. Pushrod, ndodo yachitsulo imene imakankha rocker, imakhala pa kapisitoni kameneka. Camshaft, chitsulo chozungulira chokhala ndi zitunda, ikamakankha lifter, kavalavu ka mkati kamatseka, oilo amasowa kothawira, ndipo lifter yonse imalimba ngati chitsulo chimodzi n'kutsegula valavu. Valavu ikatseka, kapisitoni kamakwera kapena kutsika pang'ono kuti kadzaze mpata uliwonse umene wabwera chifukwa cha kutentha kapena kutha kwa zitsulo. Kuti kathe kuchita zimenezi kayenera kukhala ndi malo pamwamba ndi pansi pomwe, ndipo preload imene timakambayi ndi mtunda umene mwakakankhira pansi kuchoka pa kawaya kaja. Preload ikachepa kwambiri, pamatsala mpata, zitsulo zimagogodana, ndipo kapisitoni kamamenya kawaya mpaka tsiku lina kawayako kamathyoka kapena kufwamphuka. Ikachuluka mpaka kapisitoni kakafika pansi, lifter siingathenso kudzikonza, ndipo kulikonse kumene mungawonjezere pa nati kumapita kukatsegula valavu.

Ma lifter ambiri a hydraulic amafuna preload ya pakati pa 0.020 ndi 0.060 ya inchi, imene ili pafupifupi theka la milimita mpaka milimita imodzi ndi theka. Ngati muli ndi pepala limene linabwera ndi camshaft kapena ndi ma lifter anu, muyeso wolembedwa pamenepo ndi umene mutsate, osati wanga kapena wa mnzanu. Kuzungulira kwa nati kumasanduka muyeso kudzera m'mazinga a stud, bawuti yoima pa hedi imene rocker imakhalapo ndipo nati imamangidwapo. Stud ya 3/8, imene ili yofala pa injini za 350, ili ndi mazinga 24 pa inchi, choncho kuzungulira kamodzi kumatsitsa nati ndi 0.042 ya inchi. Koma rocker imagwira ntchito ngati mtengo wotukulira mwala: mbali ya ku valavu yatsamira pa sipuling'i yolimba ndipo siisuntha, kotero mbali ya ku pushrod imatsika kuposa mmene nati yatsikira, pafupifupi 0.068 ya inchi pa rocker ya 1.6, ndiko kuti imene imachulukitsa kukwera kwa pushrod ndi 1.6 potsegula valavu. Theka la kuzungulira likupatsani pafupifupi 0.034 ya inchi, chimene chili pakatikati pa muyeso uja, pomwe kuzungulira kwathunthu kwadutsa kale malire a ma lifter ambiri ogula padera. Ngati ma stud anu ndi a 7/16, amene ali ndi mazinga 20 pa inchi, theka lomwelo likupatsani pafupifupi 0.040. N'chifukwa chake pa galimoto yoyenda pamsewu tsiku ndi tsiku, pepala likasowa, ine ndimamanga theka.

Tsopano ntchito yake. Igwireni injini itazizira, pamalo opanda mphepo ya fumbi, pakuti mavalavu akhala pamtetete kwa maola angapo. Chotsani waya wa batire, ikani giya pa nyutulo, ndipo zulani mapulagi onse 8 kuti injini izizungulira mosavuta ndi sipanala pa bawuti ya pulley ya kutsogolo, motsata mmene mivi ya wotchi imayendera mukaima kutsogolo kwa galimoto. Silinda 1 ili kutsogolo kumanzere kwa munthu amene wakhala m'galimoto n'kuyang'ana kutsogolo, ndipo mbali imeneyo kuli 1, 3, 5 ndi 7, pomwe kumanja kuli 2, 4, 6 ndi 8. Samalani ndi mabuku a ku America amene amati "mbali ya dalaivala", chifukwa kwawoko dalaivala amakhala kumanzere, ndipo ndaonapo anyamata akusokonezeka pa galimoto ya chiwongolero cha kumanja. Pa hedi iliyonse mavalavu a ekizozi (otulutsa utsi) ndi a inlet (olowetsa mpweya ndi mafuta) amandandalika motere kuchokera kutsogolo: ekizozi, inlet, inlet, ekizozi, ekizozi, inlet, inlet, ekizozi. Mukakayikira, valavu imene yayang'anizana ndi dzenje la paipi ya ekizozi ndiyo ya ekizozi.

Lamulo loyamba ndi lakuti lifter imene mukuitchuna ikhale pamsana pa camshaft, mbali yozungulira bwino imene ilibe chitunda. Mabuku akale a fakitale amati muike pisitoni ya silinda 1 pamwamba n'kutchuna theka la mavalavu onse nthawi imodzi, kenaka muzungulitse kamodzi n'kutchuna otsala. Njira imeneyi inali yokwanira pa camshaft ya fakitale, koma yanu ndi yokulirapo, zitunda zake zimayamba msanga ndi kutha mochedwa, ndipo mungatchune valavu imene lifter yake yayamba kale kukwera inu osadziwa. Gwirani silinda imodzi imodzi. Zungulitsani injini mukuyang'ana rocker ya ekizozi, ndipo ikangoyamba kukankha valavu kuti itseguke, imani n'kutchuna valavu ya inlet ya silinda yomweyo. Pitirizani kuzungulitsa mpaka valavu ya inlet itatseguka yonse n'kubwerera, ndipo ikatsala pang'ono kutsekeka, imani n'kutchuna ya ekizozi. Valavu iliyonse imene mwamaliza ilembeni ndi choko, chifukwa pa mavalavu 16 munthu wina akangokupatsani moni mwaiwala pamene munali.

Lamulo lachiwiri ndilo limene ndikufuna mulimvetse kuposa china chilichonse m'yankho lino, kupeza pamene mpata wangotha kumene, pamene amakaniko amati zero lash. Masulani nati mpaka pushrod iyambe kugwedera. Igwireni ndi zala ziwiri n'kumaikweza ndi kuitsitsa, uku dzanja lina likumanga nati pang'onopang'ono ndi zala zokha, popanda sipanala. Mudzamva kugogoda kwakung'ono kukucheperachepera, ndipo pamene kwangosiya, pamenepo ndi poyambira panu. Ambiri anaphunzitsidwa kupota pushrod mpaka italimba, ndipo njira imeneyi ndi imene yapha mavalavu ambiri. Kasipuling'i ka mkati mwa lifter yatsopano, kapena imene oilo wake watuluka, n'kofewa kwambiri, ndipo pushrod yopaka oilo imapitiriza kupoteka bwinobwino pamene kapisitoni kakutsika, mpaka imadzalimba kapisitoniko katafika pansi penipeni. Munthu amaganiza kuti wapeza poyambira, n'kuwonjezerapo theka lija, ndipo valavu imatsala yotseguka. Ngati manifold ya inlet ili yochotsa, yang'anani ndi maso: pamene kapisitoni kayamba kusiyana ndi kawaya kaja ndi pamene preload yayambira. Mukakayikira, masulani n'kuyambanso, kawiri kapena katatu, mpaka zala zanu zizipeza malo omwewo nthawi iliyonse.

Mukapeza poyambira, ikani sipanala moti mutha kuona bwino pamene yaloza, ndipo mangani theka la kuzungulira modekha. Popeza injini yanu yalirapo kale, ma lifter ndi odzaza oilo, ndipo mukamamanga mungaone valavu ikutseguka pang'ono. Musadabwe nazo, ingodikirani mphindi imodzi kapena ziwiri kuti oilo atuluke, valavu ibwerera pamalo pake, ndipo musazungulitse injini isanabwerere. Manati a ma roller rocker ambiri ndi a mtundu wa poly lock, okhala ndi kasikuluwu ka Allen pakati. Kasikuluwuko kakhale komasula pamene mukufuna poyambira. Mukafika pafupi ndi theka, kamangeni mpaka kakhudze mutu wa stud, kenaka zungulitsani nati ndi kasikuluwu pamodzi pang'ono pokha kuti zilumane. Kumanga kasikuluwu kokha ndi kiyi ya Allen sikukwanira, kamamasuka injini ikatentha, ndipo kukakamiza kwambiri kumang'amba natiyo.

Si injini zonse zimatchunidwa ndi nati motere, ndipo ndikunena izi chifukwa cha owerenga ena amene ali ndi ma Land Rover ndi ma Range Rover a V8, amene kuno ku minda ya tiyi tinakula tikuwaona. Pa injini ya Rover ma rocker ali pa shaft, palibe nati yotchunira, ndipo preload imayezedwa pa mpata wa pakati pa kawaya ndi kapisitoni, n'kuichepetsa poika mashimu, tizitsulo topyapyala, pansi pa mizati ya shaft. Ndili wachinyamata pa galaja ina ndinabwezera mahedi a injini yotere atachokera kopala, osaganiza kuti hedi ikapalidwa imatsikira pafupi ndi camshaft ndipo preload imakula yokha. Galimoto inalira mwakachetechete, ndinanyadira, koma patapita milungu yochepa inabwerera ikuphonya, valavu imodzi ya ekizozi itapsa mbali. Kuyambira tsiku limenelo sindikhulupirira injini chifukwa chakuti ili chete. Injini za LS za General Motors nazonso zilibe potchunira: bawuti ya rocker imamangidwa mpaka 30 Nm, ndipo preload imasinthidwa pogula pushrod yaitali kapena yaifupi. Ngati hedi kapena block yanu inapalidwa, kumbukirani kuti zimenezi zikukhudza inunso.

Pali nkhani ina m'kalata yanu imene ikundidetsa nkhawa kuposa manati, ndiyo ya 1.6. Ma rocker a fakitale a 350 ndi a 1.5, kutanthauza kuti chitunda cha camshaft cha 0.300 ya inchi chimatsegula valavu ndi 0.450, pomwe rocker ya 1.6 pa chitunda chomwecho imatsegula 0.480. Inu mwakuza camshaft ndi rocker nthawi imodzi, ndiye funso ndi lakuti masipuling'i ndi mahedi anu ali ndi malo a kutseguka konseko kapena ayi. Zungulitsani injini ndi dzanja mpaka valavu itatseguka yonse, ndipo onani ngati pakati pa mawaya a sipuling'i patsala mpata. Amisiri ambiri amafuna kuti sipuling'i itsale ndi 0.060 ya inchi isanapanikizike yonse, ndipo mpata wonga womwewo ukufunika pakati pa retainer, kachipewa kogwira sipuling'i pamwamba, ndi seal ya valavu, kamphira kotchinga oilo. Pakati pa valavu ndi pisitoni muyeso wozolowereka ndi 0.080 ku inlet ndi 0.100 ku ekizozi, koma umenewo umafuna zipangizo zoyezera. Onaninso dzenje limene pushrod imadutsa pa hedi, chifukwa rocker ya 1.6 imasendeza pushrod pafupi ndi stud, ndipo pa mahedi ena akale imakhula m'mphepete mwa dzenjelo. Zulani pushrod iliyonse, muigubuduze pa galasi lafulati kuti muone ngati yapindika, ndipo muyang'ane ngati ili ndi malo onyezimira osonyeza kukhulana.

Rocker iyeneranso kukhala ndi chinthu chimodzi chokha choiwongolera kuti isagwe pamutu pa valavu. Chingakhale madzenje opapatiza a mahedi akale, kapena ma guideplate, timbale ta mipata toongolera pushrod, okhala ndi ma pushrod olimbitsidwa, kapena rocker yokhala ndi timapewa m'mbali mwa gudumu lake. Mukaphatikiza ziwiri zimalimbana mpaka china chithyoke, ndipo zikasowa zonse rocker imapotokera kumbali. Kachitsulo kopingasa ka pakati pa rocker kali ndi mbali yafulati ndi yozungulira, ndipo yafulati ndiyo iyang'ane kumwamba kuti nati ikhalepo. Ma stud a fakitale pa mahedi ambiri a 350 ndi ongokhomera, opanda mazinga m'munsi, ndipo masipuling'i olimba amatha kuwazula pang'onopang'ono, zimene zimabweretsa phokoso lobwerera sabata iliyonse ngakhale mutatchuna bwino. Ikani lula pamwamba pa ma stud onse, ndipo imene yatalika kuposa anzake yayamba kuzuka. Suzumiraninso mkati mwa chivindikiro cha mavalavu, pakuti ma roller rocker ndi manati ake ndi aatali, ndipo kawirikawiri kugogoda kumene munthu akukuthamangitsa ndi nati kumakhala rocker ikumenya chivindikiro.

Kutalika kwa pushrod mukuyese motere. Detsani mutu wa valavu ndi cholembera cha inki yakuda, bwezerani rocker, tchunani, zungulitsani injini kawiri, ndipo chotsani rocker muone mzere umene gudumu lasiya. Mzere wabwino ndi wopapatiza ndipo umakhala chapakati. Ukakhala wotakata ndi wopendekera ku mbali ya manifold ya inlet, kawirikawiri pushrod ndi yaifupi, ndipo ukapendekera ku mbali ya mapaipi a ekizozi ndi yaitali. Dziwani kuti lifter ya hydraulic imaphwa pansi pa sipuling'i yolimba injini ikamazunguliridwa ndi dzanja, choncho muyeso wolondola umafuna sipuling'i yofewa yoyesera. Camshaft zina zokulirapo zimakhala ndi msana wocheperako kuposa za fakitale, ndipo zimenezi zokha zingafune pushrod yaitaliko.

Mukamaliza zonsezi musayembekezere kuti injini ikhala chete ngati kale. Ma roller rocker ali ndi kaphokoso kawo kosalala, kofanana ndi makina osokera a telala, ndipo camshaft yaikulu imatseka mavalavu mwachangu, kotero mwina phokoso limene linakuchititsani mantha poyamba linali lachibadwa. Phokoso loyenera kulifufuza ndi lakuthwa, lochokera pamalo amodzi, limene mungalipeze poika sikuludiraiva yaitali pa chivindikiro n'kumvetsera kuchigwiriro. M'mawa wa chiperoni, mu June kapena July, lifter imatha kugogoda kwa masekondi ochepa oilo asanafike, ndipo limenelo si vuto. Kugogoda kumene kumatha injini ikatentha nthawi zambiri kumakhala gasiketi ya ekizozi yotulutsa mpweya. Kumene sikutha kungakhale lifter imene mwalowa kachitsotso, pakuti fumbi la m'misewu ya ku minda m'miyezi ya September ndi October likalowa mu oilo, kambewu kamodzi ka mchenga kamakwanira kulepheretsa kavalavu ka mkati kutseka. Ikani geji yoyezera mphamvu ya oilo, pakuti amisiri amayembekezera pafupifupi 10 psi pa 1,000 rpm iliyonse injini itatentha.

Mudzamva ena akunena kuti a mipikisano amamanga kota yokha kapena kucheperapo. N'zoona, ndipo chifukwa chake n'chakuti injini ikathamanga kuposa mphamvu ya masipuling'i, zitsulo zimasiyana kwa kanthawi, lifter imadzaza mpatawo ndi oilo, ndipo valavu imakanika kutseka. Preload yochepa imachepetsa malo amene kapisitoni kangakwere. Koma imeneyo ndi njira ya injini imene imatsegulidwa pafupipafupi, ndipo imafuna ma lifter okhala ndi chotchingira cholimba m'malo mwa kawaya wamba. Pikapu yoyenda pakati pa Luchenza ndi Limbe sikusowa zimenezo. Tsimikizaninso kuti camshaft yanu ndi ya hydraulic ndithu, chifukwa ya solid, ya ma lifter opanda kapisitoni, siifuna preload konse, imafuna mpata woyezedwa ndi feeler gauge, timipeni topyapyala toyezera mipata. Ngati ma lifter anu ndi apansi pafulati, osati a gudumu, iliyonse ibwerere pa dzenje lake mukaizula, ndipo camshaft yatsopano yotere imayenera kulizidwa koyamba pa 2,000 mpaka 2,500 rpm kwa mphindi 20 kapena 30 ndi oilo wokhala ndi zinc wokwanira. Ngati munaisiya ikulira pang'onopang'ono tsiku loyamba uku mukumanga manati, yang'anani bwino kuti rocker iliyonse ikuyenda mofanana ndi anzake.

Musanabwezere mapulagi, yezani compression, mphamvu yopanikizira mpweya, ya masilinda onse 8. Asasiyane kuposa gawo limodzi mwa magawo 10, ndipo ngati onse abwerera m'malo mwake mutatchuna, mwapulumuka, lizani injini ndi mtima wodekha. Silinda imene yatsalabe pansi ifunika kuipopera mpweya pa dzenje la pulagi, pisitoni ili pamwamba mavalavu onse atatseka: mpweya ukamveka ku kabureta ndi valavu ya inlet, ukamveka ku paipi ya ekizozi ndi valavu ya ekizozi, ukamveka pothirira oilo ndi ma ring. Mukapeza zimenezi, kapena rocker imodzi ikuyenda pang'ono kuposa anzake, kapena pushrod yopindika, stud yozuka, kapena tizitsulo tonyezimira mu oilo ndi mu filita, ntchito ya pakhomo yathera pomwepo. Pitani nazo kwa amisiri a makina opala mahedi ku Limbe kapena ku Blantyre, amene ali ndi dial gauge, pushrod yoyezera ndi makina oyesera masipuling'i, ndipo mutenge pepala la camshaft ndi bokosi la ma rocker kuti aone miyeso yake. Galimotoyo muikoke kapena muchotse mahedi okha mupite nawo, musakwere nayo mtunda wa ku Thyolo ikuphonya.